Achimwene a Diso Limodzi

Makoswe a ku Boitekong sathawa munthu. Ukawaopseza amayamba aima kaye n'kukuyang'ana, ngati iweyo ndi amene walowa m'nyumba mwawo osaodira. Ine ndinakulira ku Ntcheu, makoswe ndimawadziwa, koma a kuno ku Joni ndi ena ndithu: onenepa, aubweya wonyezimira, mchira ngati chingwe cha ketulo.

Tinkakhala m'kachipinda kamalata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachitswana, mwini malowo, amene ife obwera timangoti amastandi. Bambo a mwana ankagwira ntchito ya kontirakiti ku shafuti ya kumgodi. Ine ndinkakhala pakhomo ndi mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kukwawa. Tsiku lina masana ndinamugoneka pamatiresi n'kutuluka kukachapa matewera pampopi. Kulira kumene analira mwana uja sindidzakuiwala. Ndinathamanga thovu lili m'manja, ndipo polowa ndinaona chikhoswe chikutsika pamatiresi, osafulumira n'komwe, n'kukalowa pabowo la pakona. Kachala kakuphazi ka mwana wanga kanali magazi okhaokha.

Kuchipatala anamutsuka, anamubaya jakisoni, bala linapola. Koma mtima wanga sunapole ayi. Ndinasiya kumugoneka pansi. Kuchapa ali kumsana, kuphika ali kumsana, kuchimbudzi komwe ali kumsana, mpaka msana unayamba kundiwawa ngati wa nkhalamba. Mankhwala a makoswe sindikanathira, poti mwana wokwawa chilichonse amaponya m'kamwa. Bowo tinalimata ndi simenti, iwo anaboola pena. Msampha tinatchera, unagwira chala cha bambo a mwana akufunafuna jombo zawo. Ndinati basi, pano pafunika mphaka.

Amastandi sankafuna kumva za mphaka. Tinkalankhulana m'Chitswana changa chothyokathyoka, pena Chizulu, pena Chingerezi, kwinako manja. Anati mphaka ndi nyama ya anthu oyenda usiku, ndipo pakhomo pawo sanapondepo chiyambire. Ine sindinatsutse. Ndinangomasula mwana kumsana n'kuwaonetsa chipsera chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero. "Koma akhale wogwira makoswe. Wongodya n'kugona sindimufuna pano."

Mphakayo anandipezera ndi mnzanga wa ku Mangochi, mayi wachisilamu amene amagulitsa mandasi ndi samusa pamalo okwerera takisi. Tinadziwana chifukwa cha chitenje: anandiona nditavala, n'kundipatsa moni m'Chichewa, ndipo kuyambira pomwepo ndi achemwali anga. Anabwera nako m'katoni, kamwana ka mphaka kotuwa, kakamuna, miyendo yoyera ngati kavala sokosi. Abale inu, chimwemwe chake! Ndinavina m'kachipinda muja mpaka mbale zinagwa pashelefu. Kankayetsemula pang'ono, koma ndinati ndi fumbi la kumigodi, poti tonse kuno timayetsemula nalo.

Masiku oyambirira kanali kosewera zedi. Kuthamangitsa mchira wake, kukwera katani, kulimbana ndi zingwe za jombo. Mwana akakaona ankakuwa, manja m'mwamba. Kanali kakang'ono kuposa makoswe enawo, koma fungo lake lokha linawachepetsa matama, moti masana anasiya kutulukira poyera. Ndinayambanso kumugoneka mwana pansi, ine n'kumachapa chitseko chili chotsegula.

Sabata isanathe ndinaona diso lake lakumanzere likulengeza misozi. Kutacha linali litafiira psuu, posakhalitsa lakumanja nalonso. Kenaka kunabwera manthongo, poyamba oyera, kenaka achikasu, okhuthala ngati phala la mwana. M'mawa kankadzuka zikope zitamatana gwa. Ndikapukuta ndi kansalu, pofika masana zamatananso. Kanasiya kusewera. Kakati kayende kankagunda mwendo wa tebulo, n'kuima, n'kulira ndi kamawu kosasa. Chakudya kankangonunkhiza n'kubwerera m'katoni.

Tsono kwathu munthu akadwala maso sitithamangira kuchipatala. Khanda likachita manthongo, mayi ake amalifinyira mkaka wa m'mawere m'diso, basi. Amayi anatichita zimenezo ana awo tonse. Ngakhale amalume anga, munthu wa ndevu zake, kachitsotso katawagwera m'diso anapita kwa mayi wina woyamwitsa m'mudzimo, n'kutsamira mutu pamwendo pake, ndipo palibe anaseka. Ndiye ine mkaka uli tho pachifuwa, kanyama kakuvutika ndikuona, ndikanadikira chiyani?

Ndinakagoneka chagada pamiyendo n'kufinya. Dontho m'diso ili, dontho m'diso ilo. Umene unatsikira kumphuno kananyambita, ndipo kanaukonda, moti kanayamba kutukula kamutu kufuna wina. Ndinati eya, chilakolako cha chakudya chabwerera, mankhwala ayamba kugwira.

Bambo a mwana anandipeza ndili pantchito imeneyi akuchokera ku shifiti. Anaima pakhomo, chipewa cha kumgodi chili m'manja.

"Mayi a mwana, koma mutu ukuyenda bwinobwino? Chakudya cha mwana mukugawira mphaka?"

"Inu khalani chete. Amayi anu sanakufinyireni? Maso mukuonera miyala kumgodiwo anachira ndi chiyani?"

Anaseka, n'kutenga ndowa kukasamba.

Koma sizinathandize. Zikope zakumanzere zinatupa ngati mkati mwalowa nzama, ndipo ntchentche zinayamba kukalondola. Ine ndinaganiza kuti mkaka sukulowa bwino chifukwa m'nyumba ndi mwamdima, kawindo n'kamodzi, ndiye ndikuphonya. Choncho tsiku lina m'mawa ndinatuluka nako panja, n'kukhala pakreti pafupi ndi mpopi pamene pamawala dzuwa. Ndinatulutsa bere n'kuwerama.

"Modimo!"

Anali amastandi, kufuulira Mulungu m'Chitswana. Beseni lawo linagwa pansi, zovala mbwee. Anali ataima pakona ya nyumba, maso ali tong'o.

"Moloi! Moloi!"

Liwu limenelo ndinkalidziwa kale, ndiye kuti mfiti. Anthu a m'zipinda zina anatuluka, oyandikana nawo akusuzumira pampanda. Ine ndili pakreti, bere lili panja, mphaka ali chagada pamiyendo, kukamwa kwake mkaka uli mbuu. Kunena zoona, ndikanakhala wodutsa m'njira nanenso ndikanathawa.

Kuno Amalawi timatchuka ndi mankhwala. Pamitengo ya magetsi pamamatidwa mapepala a asing'anga odzitcha ochokera ku Malawi, obweza mwamuna wothawa, ochulukitsa makasitomala, ndiye anthu sachedwa kukhulupirira. Amastandi ankalankhula mothamanga, ine n'kumangotola mawu apa ndi apo: akuti ndikuyamwitsa mphaka kuti ndizimutuma, akuti n'chifukwa chake ndinalimbikira kumupempha, akuti mwina khoswe woluma mwana uja ndinamuitananso ndine. Apo ndiye magazi anandiwira! Chitswana chonse chinandithawa. Ndinaimirira, chala m'mwamba, n'kuwayankha m'Chichewa chenicheni cha ku Ntcheu.

"Mayi inu, mundisamale! Ine mfiti? Mwana wobereka ndekha ndimulumitse kwa khoswe? Mankhwala a maso simuwadziwa? Munakulira kuti inu?"

Sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anadziwa kuti si moni. Anatola zovala zawo, n'kugamula pang'onopang'ono kuti ndimve bwino. Lamlungu likubweralo mwana wawo wamwamuna adzabwera ndi galimoto, adzaika mphakayo m'thumba n'kukamutaya kutchire, kuseri kwa chimulu cha dothi la kumgodi.

"Ndinati wogwira makoswe," anatero. "Uyu ndi wakhungu, agwira chiyani? Ukakana, upite naye limodzi."

Bambo a mwana atamva nkhaniyi anakhala pansi n'kugwira mutu. Anati zipinda n'zosowa, tisalimbane ndi mwini malo chifukwa cha kanyama, tidzapeza mphaka wina wabwinobwino.

"Wina adzalowera pati?" ndinawafunsa. "Akangochoka uyu, amastandi sadzalolanso mphaka pano mpaka kalekale. Makoswe abwerera pa mwana wanga. Ulendo uno analuma chala, ulendo wina adzaluma pati?"

Ine ndinalira, kulira kwa ukali, ndikupukuta kamphaka kaja manthongo.

Kutacha ndinapita kwa achemwali a ku Mangochi aja kukawafotokozera. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Iwo anaseka mpaka anatsamira tebulo lawo, mandasi anatsala pang'ono kugubuduka.

"Achemwali, mwati ananyambita?"

"Ananyambita."

"Kamodzi?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Basitu, nkhani yatha! Kwathu ana awiri akayamwa bere limodzi ndi pachibale, ngakhale ukwati sangamange. Ameneyo ndi achimwene ake a mwana wanu. Mungakataye achimwene kutchire, inu?"

Ankanena moseka, koma ine zinandilowa mumtima. Kuyambira tsiku limenelo dzina linakhala lomwelo, Achimwene. Atatha kupukuta misozi ya phwete, anandiuza kuti m'tauni ya Rustenburg muli chipatala cha ziweto chimene chimalandira ndi ife osauka omwe. Amuna awo amasamala maluwa kunyumba ina m'tauni, ndiye anaperekezako galu wa abwana awo. Chipatala cha mphaka? Kwathu dokotala wa ziweto ndi wa ng'ombe ndi mbuzi, mphaka akadwala amangolowa m'tchire. Sindinabwererenso kukaphika. Ndinangokatenga Achimwene, ulendo.

Oyendetsa takisi ena safuna mphaka m'galimoto mwawo, ndiye ndinawaika m'chikwama cha matewera, zipi n'kusiya pang'ono kuti azipuma. Mwana ndinamufukata, ali mtulo tofa nato. Titangolowa mumsewu waukulu, m'chikwama munamveka "nyaau". Mayo ine! Ndinayamba kuimba nyimbo yotonthoza mwana mokweza, ndikumugwedeza munthu wogona kale. "Nyaau." Ine kukweza mawu. Mayi wina wachikulire pambali panga anayang'ana mwana, anayang'ana chikwama, anayang'ana ine. Kenaka anakonza kukhosi n'kuyamba kung'ung'udza nane nyimbo imene sankaidziwa, mpaka tinakafika m'tauni tikuimba awiri.

Chipatalacho chinali choyera kuposa cha anthu cha kwathu, ndikunenetsa. Pabenchi panali agalu ndi eni ake, aliyense kudikira nthawi yake mwaulemu. Dokotala anali mtsikana wachitswana, wamng'ono kwa ine, wa magolovesi m'manja. Anawatulutsa Achimwene m'chikwama, anawayang'ana, n'kundifunsa ngati ndawathira chilichonse m'maso.

"Mkaka," ndinatero.

"Wa m'sitolo?"

Ndinaloza pachifuwa panga. Dokotala uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Atapezanso mpweya anati azakhali ake ku Phokeng ankachitanso zomwezo kwa makanda, koma kwa mphaka aka kanali koyamba kumva. Ndinamuuza kuti andilembe dzina, ndine woyamba.

Kenaka anandifotokozera mofatsa, akubwereza pamene sindinamve. M'maso mwa Achimwene munalowa tizilombo tosaoneka, mabakiteriya, timene kawirikawiri timabwera pamodzi ndi chimfine cha amphaka. Kuyetsemula kuja sikunali fumbi ayi. Ana a mphaka amatengera kwa mayi awo kapena kwa anzawo, ndipo zikope zikamatana mafinya amatsekeredwa mkati n'kumadya diso. Mkaka sungaphe tizilomboto, umangoitana ntchentche. Anandichenjezanso kuti ndisadzayese kuwathira mankhwala a maso a anthu, chifukwa ena amakulitsa chilonda mpaka diso kuphulika.

Ananyowetsa thonje m'madzi ofunda n'kuliika pazikope. Kudikira, kupukuta, kunyowetsa lina, kudikiranso, osakoka ngakhale pang'ono. Zikope zakumanzere zitatseguka mafinya anatuluka ambiri, moti ndinayang'ana kumbali. Anathira kadontho ka mankhwala a mtundu, n'kuunika ndi katochi. Diso lakumanzere linali loyera ngati la nsomba yophika. Anati chilonda chinalowa mkati, limenelo silidzaonanso, koma likhoza kupola n'kusiya kupweteka. Lakumanja linali lofiira, lotupa, ndi kachilonda kakang'ono pamwamba.

"Ili tikhoza kulipulumutsa," anatero.

Ndinalumpha, mwana ali kumsana! Ndinamugwira dokotala uja dzanja ndi manja awiri, ndi magolovesi ake a mafinya omwewo.

"Liona pofika Lamlungu?"

Anati sangalonjeze. Anandipatsa kachubu ka mankhwala opaka m'maso ndi kabotolo ka mankhwala omwetsa, ndi sirinji yopanda singano. Malamulo ake anali ambiri: diso lililonse thonje lakelake, kupukuta kuchokera kumphuno kupita kunja, kusamba m'manja ndisanagwire mwana, mwana asawayandikire mpaka achire, mankhwala athe onse ngakhale aoneke ngati achira. Ndili pakhomo kutuluka anandiitananso, akunditcha Mma, ndiye kuti mayi m'Chitswana.

"Mma, bere ndi la mwana."

Kunyumba kunayambika nkhondo. Munthu amene sanathirepo mphaka mankhwala m'maso sadziwa kuti kanyama kodwala kamabisa mphamvu pati. Ulendo woyamba anandikanda dzanja lonse, mankhwala anathera m'khutu. Ndinaphunzira kuwakulunga m'chitenje ngati khanda lobadwa kumene, mutu wokha uli kunja. Ndinkawaika pakati pa maondo, chala chimodzi kukokera chikope pansi, kufinya kachubu, n'kutseka diso kuti mankhwala afalikire. M'mawa, masana, madzulo, ine ndi chitenje changa. Omwetsa aja ankalavula thovu ngati ndawapatsa tsabola, ine n'kumawanyengerera, "Pepani Achimwene, mezani, ndi zanu zomwe."

Bambo a mwana poyamba ankangoonerera chapatali. Koma anthu a kumgodi nkhani ya maso saitenga mwamasewera, poti chaka ndi chaka amawayeza, ndipo diso likalephera ntchito imathera pomwepo. Tsiku lina ataona ndikulimbana ndekha anati ndikugwira molakwika. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anavala magalasi awo otchinga maso a kumgodi kuopa zikhadabo, n'kukhala pakreti atafukata chitenje chija. Ndinaseka mpaka mankhwala anandigwa. Bambo wamkulu, woswa miyala pansi pa nthaka, akuuza mphaka kuti, "Limbani mtima, mlamu... aaa, kaya ndinu ndani kwa ine, limbani mtima basi."

"Ndi mwana wanu ameneyo," ndinawauza. "Mlamu wachokera kuti?"

Manthongo anayamba kuchepa, achikasu aja anasanduka amadzimadzi. Kutupa kunaphwa. Achimwene anayambanso kudya, mpaka kunyambita mbale. Koma diso lakumanja linkangotseguka kamng'alu, n'kutsekanso likakumana ndi kuwala. Ndikagwedeza chingwe ankatembenuka, koma sindinkadziwa ngati akuona kapena akungomva phokoso. Amastandi sankandiyankha moni. Akamadutsa pakhomo pathu ankalambalala. Loweruka ndinakhala tsiku lonse ndikusuzumira m'kamng'alu kaja, ndikupemphera ngati ndili pa mlandu.

Lamlungu masana galimoto inaima pageti. Mwana wa amastandi, bambo wa mimba yake, anatsika atanyamula thumba la ufa lopanda kanthu. Amastandi anali atangobwera kutchalitchi, akadali mu yunifolomu yawo ya amayi, ndi baji yachitsulo pachifuwa. Anabwera molunjika pakhomo pathu. Anthu a m'zipinda zina anatulutsa mipando ngati kuli mpira.

Ine ndinawatulutsa Achimwene n'kuwaika pansi pamthunzi wa khoma. Ndinaonetsa kachubu, ndinaonetsa kabotolo, ndinafotokoza za dokotala ndi tizilombo tosaoneka, Chitswana chikugwa n'kudzuka. Kenaka ndinatenga chingwe cha jombo n'kuchikoka pansi. Achimwene anatembenuza mutu n'kuponya dzanja.

"Mwaona? Akuona!"

Amastandi anapukusa mutu. Mayi uja si wopusa.

"Akumva kukhwekhwereza," anatero. "Wakhungu amamvanso."

Analoza thumba, mwana wawo n'kulitambasula. Ine ndinaima pakati, manja m'chiuno. Ndinali nditatsimikiza kuti thumba limenelo alowemo ndine kaye. Amastandi anayamba kundilalatira, akuti ndawachititsa manyazi pamudzi, akuti anandilandira ngati mwana wawo. Akamalankhula chifuwa chinkakwera n'kutsika, ndipo dzuwa linkamenya pabaji ija n'kuponya kadontho ka kuwala pansi, mumthunzi muja, kakuvinavina padothi.

Woyamba kuona anali bambo a mwana. Anandigwira mkono n'kuloza ndi mlomo.

Achimwene anali atagwada, chifuwa pansi, makutu kutsogolo, mutu utapendekera mbali ya diso labwinolo. Diso lija linali lotseguka lonse, lobiriwira, lowala mbee! Kadontho kakapita uku, mutu uku. Kakabwerera, mutu kubwerera. Anagwedeza kumbuyo, anagwedezanso, kenaka anadumpha n'kukagwira ndi manja awiri.

"Mma, taonani pansi!" anakuwa bambo a mwana.

Amastandi anawerama kuti aone, kadontho kanathawira pakhoma, Achimwene anakatsata mpaka anakanda malata. Amastandi anaweramuka, kadontho kanatsika, Achimwene anatsika nako. Apo anazindikira kuti kuwalako kukuchokera pachifuwa pawo. Anagwira baji ija n'kuipendeketsa okha, pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, osatulutsa phokoso lililonse. Achimwene anazungulira bwalo lonse akuthamangitsa, fumbi koboo.

"Kuwala kulibe phokoso!" ndinakuwa m'Chichewa. "Kulibe fungo! Akuona! Akuona, mayi inu!"

Nthungululu imene ndinaimba tsiku limenelo inamveka mpaka kokwerera takisi, achemwali a ku Mangochi ndi mboni. Ndinavina, ndinazungulira mpopi, mwana kumsana akuseka osadziwa chimene chachitika. Anthu a pamipando aja, omwe aja ankasuzumira mfiti, anaomba m'manja. Bambo a mwana ananyamula Achimwene m'mwamba ngati chikho cha mpira, iwo n'kuwakanda pachala.

Amastandi sanaseke. Anakonza yunifolomu yawo, anauza mwana wawo kuti thumbalo akaikemo mabotolo akale ali kuseri. Kenaka anandiyandikira n'kulankhula motsitsa mawu, kuti ena asamve. Anati amayi awo nawonso ankafinyira makanda mkaka m'maso.

"Makanda," anabwereza, chala chili pamphuno panga. "Ana a anthu. Wamva?"

"Ndamva, Mma."

"Diso limodzi ligwira khoswe?"

"Mudzaona nokha."

Mankhwala tinamaliza onse monga anatiuzira. Diso lakumanzere linapola n'kutsala loyera, ndipo mpaka lero Achimwene akafuna kukuyang'ana amapendeketsa mutu ngati munthu wokayikira nkhani yako. Khoswe woyamba anamugwira miyezi ingapo pambuyo pake, atakula, ndipo mwa malo onse a pabwalopo anakamusiya pakhonde la amastandi. Iwo anakuwa, anatukwana, anandiitana kuti ndidzachotse. Madzulo ake ndinapeza kambale ka mitu ya nkhuku pakhomo pathu, ndipo sindinafunse kuti kachokera kuti.

Mwana uja tsopano amalankhula, pakamwa ngati mayi ake. Tsiku lina ndikulankhula ndi amayi kumudzi pafoni anandilanda n'kuwauza kuti, "Agogo, achimwene anga ali ndi diso limodzi." Amayi anandifunsa kuti ndinabereka liti mwana wolumala n'kuwabisira. Kufotokoza kwake kunanditengera nthawi, ndipo nditafika pa za mkaka anati, "Nanga ukanatani? Unachita bwino, mwana wanga." Za dokotala sanafune kumva.

Tikukhalabe m'kachipinda komwe kaja. Masana ndimamugoneka mwana pamatiresi n'kutuluka kukachapa, msana uli pululu, wopanda katundu. Nthawi zina ndimasiya zochapa n'kukasuzumira, poti chizolowezi sichinathe. Ndimapeza mwana ali mtulo, kaphazi ka chipsera kaja katatuluka m'nsalu. Achimwene amagona pomwepo chakumapazi, diso loyeralo kukhoma, labwinolo kuyang'ana pakona pamene panali bowo.